Mlembi wa Nkhokwe Ndinali Ine

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndikukhulupirira kuti inasiya, chifukwa abusa anatiuza kumanda kuja kuti kumene mwapitako kulibe zowawa, ndipo lero ndilibe mphamvu zowatsutsa. Ndine Edina. Ndikudziwa kuti mwandizindikira kale, koma ndinazolowera kudzitchula, poti masiku anu omaliza aja munkandisokoneza ndi malemu achemwali anu.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi, za maliro pambuyo. Mimba ija munandisiya nayo inabala mtsikana. Tinamutcha dzina lanu, ndiye pakhomo pano palibe amene amalimba mtima kumukalipira. Timangomuti Amayi Aang'ono. Ali ndi miyezi khumi, mano awiri m'munsi, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi ngati inu nomwe. Mkulu wake Tereza wakhoza mayeso, akatsegulira alowa sitandade 3. Nandolo wa kuseri kwa khola wabereka mpaka nthambi kugwa pansi, koma chinangwa chotsekemera chija munatenga mbewu yake kwa Mabuka chatha ndi mfuko. Denga la khitchini linasasuka nthawi ya chiperoni, bambo a Tereza anafolera mbali imodzi, inayo akuti mawa, ndipo mawa lakelo mukulidziwa. Kumanda kwanu tinalambula mwezi wa June. Duwa lija anadzala mwana wanu Layitoni kumutu kwanu linagwira.

Zabwino zathera pomwepa. Amayi, Layitoni anamutenga. Lero yakwana milungu itatu ndi masiku awiri.

Anabwera Lachiwiri m'mawa, iye akupukuta matambula kukilabu ya esiteti. Amuna awiri ovala majekete, ndi galimoto yopanda chizindikiro chilichonse. Sanamulole ngakhale kuvula epuloni. Mkazi wake Joyisi anauzidwa mlungu womwewo kuti atuluke m'nyumba ya kampani, moti pano akugona kwanga kuno ndi mtolo wake wa zovala.

Mufunsa kuti walakwa chiyani mzime wanu, munthu woti akamapha nkhuku amatsinzina. Ndi za kanema uja, Amayi. Inde, yemwe uja munkatinena naye kuti anthu a ana athuathu tikutha Lamulungu lonse kuyang'ana bokosi.

Ndikukumbutseni, poti nthawi imeneyo munali mutayamba kale kudwala. Mzungu wa kufakitale uja, wamtali wosuta kaliwo, mlongo wake ankamujambulira masewero a pa wailesi ya kanema kwawoko n'kumamutumizira pa makaseti. Pobwerera kwawo anasiyira antchito makina ake mu holo, pamodzi ndi makaseti makatoni awiri, kiyi n'kupatsa Layitoni. Makasetiwo analibe maina, manambala okha olembedwa pamanja. Nkhani yake inali imodzi koma yosatha. Anthu ena dziko lawo linauma, ndiye analowa m'chombo chachikulu ndi mbewu zawo ndi ziweto zawo, n'kumayenda pakati pa nyenyezi kufunafuna poti akalime. Chombocho chinali chozungulira, cha denga losongoka, choncho tinangochitcha Nkhokwe. Ambiri a ife inatigwira mtima chifukwa tinakula tikumva mmene makolo athu anayendera kuchokera kutsidya, mbewu zili pamutu, osadziwa kumene akagone. Inu munapitako tsiku limodzi lokha. Munakhala pabenchi yakutsogolo, manja pachifuwa, ndipo potuluka munati, “Zaka zonsezo osagwira khasu, akudya za yani?” Simunabwererekonso.

Ife tinabwerera, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Chizungu cha mmenemo chinali cha m'mphuno, choti ngakhale aphunzitsi ankangotola mawu amodziamodzi. Koma Layitoni watha zaka akumva azungu akulankhula ataledzera, ndiye palibe chimene chinkamudutsa. Ankaima pambali pa bokosilo n'kumatimasulira, mawu a mwamuna iye, mawu a mkazi iye yemweyo, ngakhale kulira kwa makina ankakumasulira. Maina awo ovuta aja anawataya n'kuwapatsa athu. Mkulu wa chombo anakhala Kaputeni Mandevu. Mkazi woyendetsa chombocho, wovala thalauza, amene ankati akalamula amuna n'kumathamanga, anakhala Namaso. Dokotala wosaseka anakhala Chisanu. Tsiku limene Namaso anayamba kuonekera amayi onse mu holo tinagwira pakamwa, koma Lamulungu lotsatira tinabwera ochuluka kuposa amuna.

Titafika pakati pa katoni yachiwiri tinapeza kuti Nkhokwe inatulutsa mphukira ziwiri, masewero ena ochokera m'sewero lomwelo. Ina inali ya anthu amene anakana lamulo la Kaputeni, iye n'kuwatsitsa pa dziko lozizira n'kuwasiya komweko. Imeneyo tinaitcha Otsala. Inayo inali ya zaka zambiri kutsogolo, ya ana a Namaso atakula. Apa m'pamene panayambira mikangano. A Mulepa, amakaniko a mathirakitala aja, ankati nkhani yeniyeni ndi Nkhokwe basi, zinazi n'zopeka. Ngati kuti yoyambayo inachitikadi! Aphunzitsi a Nakoma ankati ayi, Otsala ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa Kaputeni ankadziwa bwinobwino kuti pa dziko lija sipamera kanthu. Za Namaso wokalamba wa m'mphukira yachiwiriyo ndiye a Mulepa anakana mpaka kumenya benchi. “Si ameneyo! Taonani mphuno. Munthu akakalamba mphuno imasintha? Atinamiza apa anthuwa.” Layitoni anayesa kuwauza kuti mwina wosewera woyamba uja anasiya ntchito. Iwo amvekere, “Ndiye akanatiuza mwaulemu.”

Ndikulemba izi ndikuseka, Amayi, koma misozi ili mbwembwembwe.

Tsiku lina kutatsala pang'ono kuti anthu agwirane makolala, a Mulepa omwewo anati tizichita mwadongosolo ngati anthu opemphera. Dongosolo limene ife timadziwa ndi limodzi, la komiti ya kutchalitchi. Tinasankha wapampando, Layitoni. Wofuna kulankhula azikweza mkono. Komiti yopanda mlembi si komiti, ndiye maso onse anagwera pa ine, poti ndine ndimalembera gulu la amayi Lachinayi. Ndinagula kope lachikuto cholimba ndipo ndinkalemba mosamala, monga munandiphunzitsira kugwira chinthu chilichonse: tsiku, opezeka, opepesa, zokambirana, zimene tagwirizana. Pa opezekapo, mwanthabwala chabe, aliyense anatenga dzina la munthu wake wa m'kanema. Ndinajambulamo ndi mapu a chombo, makomo ake onse, mosungira mbewu, mosungira zida, chifukwa anthu ankakangana kuti Otsala anatulukira khomo liti. Pansi pa tsamba lililonse ndinkalemba kuti Mlembi, osaika dzina langa.

Kopelo linkakhala m'kabati ya mu holo. Anthu okonza malo a msonkhano wa chipani anatsegula kabatiyo akufuna nsalu ya patebulo, n'kulipeza. Tangoganizani, Amayi, munthu amene sanaonepo Nkhokwe akuwerenga zimenezo. Anthu khumi ndi awiri a maina obisika, okumana Lamulungu lililonse chitseko chotseka, makatani otsitsa. Mapu osonyeza mosungira zida. Ndi mzere wolembedwa bwinobwino wakuti tagwirizana, asanu ndi atatu kwa anayi, kuti Otsala sanalakwe kukana lamulo. Makataniwo tinkatsitsa chifukwa dzuwa linkawala pagalasi. Koma ndani angamve zimenezo, malire ali pafupi chonchi, nkhondo ili kutsidyaku? Maina a m'kopemo sanawathandize kupeza munthu. Anangofunsa kuti kiyi wa holo amasunga ndani.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu aliyense kupatula bambo a Tereza. Ngakhale Joyisi sakudziwa, ndipo ndimadya naye mbale imodzi. Makaseti aja sankakhala mu holo, chifukwa chinyezi cha kuno chinkawachititsa chuku. Ankakhala kwanga, m'sutikesi yanu yachitsulo ija. Tsiku limene Layitoni anatengedwa, uthenga utangondifika, mutu wanga unaima. Ndinakumbukira kuti makasetiwo sanadutse kwa akuluakulu oona za makanema, ndiponso kuti muli mkazi wa thalauza, chovala choletsedwa kwa akazi kuno, ndipo ndinati akawapeza muno ndiye tatha tonse. Ndinawanyamula asanuasanu m'chitenje, masanasana, kupita ndi kubwera ngati munthu wotsegula m'mimba, n'kuwaponya m'chimbudzi onse mpaka sutikesi inatsala pululu. Nditamaliza ndinasamba m'manja n'kudziona ngati munthu wochenjera.

Patapita mlungu ndinapeza kumene akumusunga, nyumba ina yopanda chikwangwani kuseri kwa tauni. Ndinanyamula mbatata yootcha ndi bulangete. Sanandilole kumuona. Koma bambo wina wa jekete anatuluka, wofatsa ndithu, n'kundifunsa kuti ndine ndani wake. Nditamuuza anati, “Mlongo wanuyu akuti zonsezi n'za m'kanema. Chabwino, ife si anthu ovuta. Kanemayo ali kuti? Bweretsani tidzaonere limodzi, nkhani ithe.”

Amayi, ndikanabweretsa chiyani? Iye anadikira, osafulumira. Kenako anati, “Mwaonatu. Ndiye ife tikufuna Mlembi. Wolemba bwino chonchi si woperekera mowa ayi.” Anatsegula kopelo pamaso panga. Malemba anga omwe, zilembo zopendekera zija munkazionetsa kwa anansi ndili sitandade 5. Anandifunsa ngati ndikuwadziwa. Mwana anali kumbuyo, akundikoka duku. Ndinayang'ana malembawo n'kunena kuti sindinawaonepo.

Tinayesa kuwavuula makaseti aja. Bambo a Tereza anazula mitengo iwiri ya pachimbudzi, anamanga nsalu pamphuno, n'kutsitsa waya wokhota. Tsiku lonse tinakola atatu. Ndinawatsuka ndi sopo, ndinawayanika padenga la khola, koma kalamba ka m'kati kanamatana ndipo pokakoka kankangoduka. Ndinaganiza zopita ku Blantyre kukafunsa m'masitolo ngati kanemayo amapezeka, koma ndikafunse kuti chiyani? Dzina lake lachizungu sindikulidziwa, ndipo palibe amene analisunga. Poyambira pamene limalembedwa paja Layitoni ankathamangitsa, chifukwa anthu ankafuula kuti nyimboyo tatopa nayo. Ife tinkangoti Nkhokwe. Mandevu ndi Namaso palibe kwina kulikonse pa dziko lino kumene amadziwika ndi maina amenewo, koma mu holo mwathu mokha, ndipo holoyo pano ili ndi loko watsopano.

Ndiye ndinayenda khomo ndi khomo kwa anzathu khumi aja. Ndinkapempha chinthu chimodzi, kuti tipite tonse tikanene kuti ndi nthano chabe. Munkati anzako a paphwando uwawerenge tsiku lokumba manda, ndipo ndawawerenga. Aphunzitsi a Nakoma, amene ankaima pabenchi poteteza Otsala, anandilandirira pakhomo osandipatsa mpando. “Mayi, ine Lamulungu ndimakhala ndikuchonga makope a ana. Kanema wake uti?” Ena anatuma ana kudzanena kuti achokapo, ine ndikuwaona mapazi pansi pa chitseko. A Mulepa ndinawapeza ali pansi pa thirakitala, ndipo sanatuluke. Ndinalankhula ndi nsapato zawo. “Amake Tereza, ine ndili ndi ana asanu ndi awiri, nyumba ndi ya kampani. Pitani, anthu akuona.” Sindikuwada. Ayi, ndikunama, ndinawada masiku atatu, kenako ndinakumbukira kuti woyamba kukana ndinali ine.

Ku gulu la amayi sanandichotse ulembi, koma Lachinayi lapitali ndinapeza wina atakhala kale patebulo ndi cholembera. Pachitsime akandiona amasintha nkhani n'kuyamba za mitengo ya sopo. Zimenezi sizikundipweteka kwenikweni. Chikundipweteka ndi mawu anu aja, tsiku limene munakana phala komaliza. Munandigwira mkono n'kunena kuti, “Mwanaka, Layitoni ndi mbuzi yoyera, ikasochera imaonekera patali. Uzimuyang'ana.” Ndinavomera mofulumira, chifukwa ndinkaganiza kuti mukunena za mowa.

Lachisanu m'mawa ndikuthyola nandolo, ndinamva munthu akuodira kumpanda. Anali bambo wa njinga, wa ku Muloza, mutu wometedwa chatsopano. Anafunsa ngati nandoloyo ndikugulitsa. Ndinati sanaume. Iye anati, “Ine ndikufuna wa achemwali ake a Layitoni.” Lichero linandipulumuka. Anandiuza kuti anamusunga masiku khumi chifukwa cha katundu wa kutsidya, ndipo anali m'chipinda chimodzi ndi mwana wanu.

“Ali moyo, mayi,” anatero. “Waonda, koma pakamwa sipanaonde. Masana aliwonse amatiuza za Nkhokwe. Anthu odzaza kachipinda, onse zii, mpaka mlonda wa pakhomo amasendera. Pamene ndinkatuluka tinali titafika poti Kaputeni akutsitsa anthu aja. Awiri anatsala pang'ono kumenyana, wina akuti analakwa, wina akuti nanga akanatani.”

Ndinaseka, Amayi, kwa nthawi yoyamba chimutengereni. Koma bamboyo sanaseke. Anayang'ana kumsewu, n'kuyamba kusewera ndi belu la njinga yake.

“Mlongo wanu wakhala akuuza omufunsa kuti Mlembi ndi iye yemwe. Ndiye anamuuza kuti ngati malembawa ndi ako, mawa tikupatsa cholembera ulembe tione. Madzulo ake, potitulutsa kukataya ndowa, anaika dzanja lamanja pampata wa chitseko, kumbali ya mahinjesi. Chitseko chachitsulo, mayi. Anandiuza kuti nditseke. Ine ndinakana, ndimaopa Mulungu. Anakankha yekha ndi bondo.”

Zala zitatu, Amayi. Anawauza kuti inali mphepo. Dzanja lija linkanyamula thireyi yodzaza matambula osagwedera n'kamodzi komwe, dzanja limene ine ndinaliphunzitsa kugwira pensulo pakhonde panu paja. Ndinakhala pansi m'munda momwemo, pakati pa mizere, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

Bamboyo anali ndi mawu ena awiri. Oyamba anali uthenga wa Layitoni: mukawauze achemwali asamale mwana, asayerekeze kubwera kuno. Achiwiri anali ake. Anati osalankhula amawasamutsa mwezi ukatha, galimoto imabwera kudzawatenga kupita kumene sikufika makalata, ndipo a kumeneko abale awo amangosiya kuwatchula. Atakwera njinga anatembenukanso. “Koma mayi, inu munaonera mpaka kumapeto. Anthu aja anafika?” Ndinamuuza zoona, kuti kaseti yomaliza imathera pakati pa ulendo, mzungu ananyamuka ena asanabwere. Anapukusa mutu mokhumudwa n'kupalasa.

Bambo a Tereza akuti ndikapita ndiye kuti zala zija zathyoka pachabe. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinawakalipira. Mwamuna uja mukumudziwa, wosalira ngakhale pa maliro a bambo ake, koma Loweruka anakhala pa mtondo n'kulira ngati mwana, akuti ndiganizire ana. Ndikuwaganizira. Ndikuganiziranso kuti mwezi watsala ndi masiku asanu ndi atatu, ndipo munthu amene akukana kunditchulayo akukana ndi dzanja lotupa, lomangidwa ndi kansalu ka malaya. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, Amayi. Kopelo ndinalemba ndine, makaseti ndinataya ndine, nanga ndikuyembekeza kuti atsegule ndani?

Makaseti kulibe, makina anatenga, mboni kulibe. Chatsala ndi mutu wangawu. Ndiye ndinagula makope anayi, ndipo masana aliwonse, bambo a Tereza akapita kuntchito m'minda ya tiyi, ndimakhala pansi pa mpeyala n'kumalemba Nkhokwe kuyambira kaseti yoyamba. Mmene dziko linaumira, mmene anakwezera ng'ombe, mwana woyamba kubadwira m'chombo, matenda a mbewu, tsiku limene Namaso anamenya mlonda wa Kaputeni, zonse. Ndikalemba ndi Otsala, ndi ana a Namaso. Maganizo anga ndi awa. Bambo wa jekete uja akatsegule tsamba lililonse limene afuna, akafunse Layitoni ali kwayekha kuti pamenepa chinachitika n'chiyani, ndipo adzanena zimene ndalembazo. Anthu awiri amene sanaonane mwezi wathunthu sangapangane bodza lalitali chonchi. Ndipo anthu okonza zoukira sangataye masamba asanu kufotokoza za mbuzi imene inasochera m'mapaipi a chombo. Choipa chake n'chakuti malemba a m'makope anayiwa ndi omwe aja ali m'kope lachikuto cholimba, ndipo wakhungu yekha ndiye sangaone.

Lolemba ndinakakamira pa makaseti a pakati. Zinthu zinasokonekera, sindinkadziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, ndipo ndikalakwitsa pamenepo ndiye kuti ndamupha ndi manja anga. Ndinabwerera kugalaja. A Mulepa anali pansi pa thirakitala ina. Ndinakhala pa tayala ngati ndikupumula, mwana ali kumbuyo, n'kuyamba kulankhula ndekha mokweza pang'ono. Ndinati Chisanu atatseka khomo la mosungira mbewu, Kaputeni anaitanitsa msonkhano.

Sipanala inasiya kulira.

“Bodza limenelo,” mawu anatuluka pansi paja. “Anatseka khomo ndi mphwake wa Kaputeni. Chisanu nthawi imeneyo anali chigonere, mwaiwala? Ndipo Otsala asanatsike pali njala ya miyezi itatu ija, mwaidumpha. Mukulemba chiyani inu?”

Ndinawauza chimene ndikulemba ndi kumene ndikupita nacho. Kenako anayamba, motsitsa mawu, kaseti ndi kaseti, osaphonya ngakhale imodzi, ine ndikulemba pabondo. Munthu akadutsa ankagogoda chitsulo. Titafika kumapeto ndinawafunsa kuti nanga Namaso wokalamba ndimulembe kuti ndi yemwe uja kapena wina.

“Lembani kuti ndi yemweyo,” anatero. “Layitoni amatero, akamufunsa adzatero. Koma mphuno ija si yake.”

Tinakhala choncho mpaka wezulo ya nkhomaliro, iwo pansi, ine pamwamba, osaonana nkhope. Ponyamuka anandiuza kuti sanandione.

Makope atatu adzaza, lachinayi lili pakati. Pali chinanso chimene muyenera kudziwa, ndipo musandiyang'ane choncho. Ndayamba kumuletsa bere mwanayu. Ndikudziwa kuti miyezi khumi ndi yochepa, ndikudziwa kuti inu simunaletse mwana asanayambe kuthamanga. Koma kumene ndikupitako sindikudziwa ngati amalola ana, ndipo ngati amalola, sindikufuna akaphunzirire kuyenda m'menemo. Ndapaka tsabola. Tsiku loyamba anandiyang'ana modabwa, osalira n'komwe, kenako analira mpaka mawu kutha. Joyisi ndiye akumubereka ndi kumudyetsa phala, ndipo dzulo wayamba kulandira. Mabere atupa ngati miyala. Tsamba lina la Otsala lili ndi dontho la mkaka, ndangolizungulira n'kupitiriza.

Amayi, ndikuopa. Ndikuopa kwambiri. Mwina bambo wa jekete uja adzawerenga n'kuseka n'kutiuza kuti tizipita. Mwina sadzatsegula n'komwe, adzangoti Mlembi wabwera yekha, n'kutisunga tonse awiri. Mwina adzafuna maina khumi aja, ndipo sindikudziwa ngati thupi langa ndi lolimba ngati la mwana wanu wamantha uja, amene sanatchule ngakhale limodzi. Ndapempha Mulungu mpaka mawu anditha. Inu muli pafupi naye kuposa ine, ndipo sindinakuonenipo mukuchoka pakhomo la munthu musanalandire chimene mwadzera. Mukalankhuleko. Ngati za ine zavuta, mukalankhulire ana awiriwa.

Lachinayi likubwerali m'mawa ndidzakwera basi yoyamba. Ndikaika makope anayi patebulo, ndikapempha cholembera, ndipo ndikalemba dzina langa lonse pamaso pawo, kuti asavutike kufananiza. Layitoni akandikwiyira, ndikudziwa, koma wamkulu ndine.

Ndikukulonjezani ichi, Amayi, ndipo mudzandifunse tikadzaonana. Galimoto ija ikadzabwera kumapeto kwa mwezi, idzanyamuka yopanda iye. Zikakanika, idzanyamuka ndili pambali pake, kumbali ya dzanja lothyokalo, kuti anthu asamaligunde.

Ndine mwana wanu, wokukondani ngati kale,
Edina